Malemu a Piyasena pa Msika wa Magalimoto Akale

A Piyasena Alahakoon anali pakhonde akumwa tiyi wopanda mkaka pamene galimoto yoyamba inadutsa. Inali Morris yobiriwira, ikutsokomola utsi pokwera mtunda wopita ku mzinda wa Kandy, pakati pa chilumba chawocho. Sanaisamale. Koma itadutsa yachiwiri, kenako yachitatu itasenza matayala akale padenga, kapu ija inaima m'malere.

"Leela, lero ndi lachingati?"

"Loweruka," anayankha akazi awo ali kukhitchini. "Mwayamba kuiwala masiku?"

Sanaiwale. Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, msika wa magalimoto akale unkachitika Lamulungu lomaliza la Januwale, ndipo kunali kutatsala masiku asanu ndi atatu. Anatsikira kumsewu atagwirira nsalu yawo ya m'chiuno, n'kuimitsa galimoto yachinayi. Woyendetsayo anali dokotala wa mano wa ku Matale.

"Simunalandire kalata, a Piyasena? Tonse tinalandira mwezi watha. A Dunuwila anasuntha tsiku. Lamulungu lijali akukwatitsa mwana wawo."

A Piyasena anagwira ntchito yokonza injini za sitima zaka makumi atatu ndi zisanu. M'shedi kuseri kwa nyumba yawo munali Austin yaing'ono ya 1931, imene bambo awo anaisiya itawola mpaka nkhuku kumaikiramo mazira. Zaka khumi ndi chimodzi anakhala akuidzutsa, bawuti ndi bawuti. Chinatsala chinali chimodzi: ledieta, chija choziziritsa injini. Chaka chatha pamsika womwewu, mkulu wina wogulitsa zitsulo zakale wa ku Jaffna, a Sellathurai, anawauza kuti aipeza m'nyumba ina yosiyidwa ndipo adzabwera nayo. Anagwirizana kusinthana ndi nyali ziwiri za galimoto za mkuwa. Pokambirana zimenezi, pambali pawo panaima Lalith Dunuwila, wapampando wa bungwe lawo la okonda magalimoto akale, mwini minda ya tiyi, amenenso anali ndi Austin ya mtundu womwewo yopakidwa utoto wofiira. Munthu amene dzanja lake silinagwirepo sipanala chibadwire.

A Piyasena anakulunga nyali zija m'thumba la mpunga, n'kukwera kagalimoto ka matayala atatu osasamba n'komwe.

Pabwalo anafika dzuwa litakwera kale. Magalimoto anali ndandanda, maboneti ali yasa, amuna atalowetsamo mitu ngati ng'ombe pamodyera. Pamphasa panali mahutala, mawilo, mabuku othimbirira, ndi zitsulo zimene eni ake okha ndiwo ankadziwa ntchito yake. A Piyasena sanaime paliponse. Analunjika patsinde pa mtengo wa mango pamene a Sellathurai ankayala katundu wawo chaka ndi chaka.

Mkuluyo atawaona anagwetsa buledi wa roti amene ankadya. Anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda mtengo.

"Piyasena! Ndiwe kapena ndi chiyani?"

"Ndine, achimwene. Mwatani?"

A Sellathurai anawagwira mkono, kuutsina, n'kuyamba kulira. "Anandiuza kuti unamwalira mu Novembala. Akuti mtima. Akuti galimoto ija akazi ako anagulitsa kwa ogula zitsulo."

"Anakuuzani ndani?"

"A Dunuwila, m'mawa uno. Ndisanatsitse n'komwe katundu. Anachita kuvula chipewa ponena." Mkuluyo anapukuta m'maso. "Ndinawapatsa ledieta ija, m'bale wanga. Ndinati poti mwini wake kulibe, ipite kwa mnzake wapamtima."

Kubedwa a Piyasena akanapirira, m'misika yotere anthu amaberana mwaulemu chaka chilichonse. Koma kuikidwa m'manda akadali ndi mano onse, ndiponso kunamiziridwa kuti Leela, mkazi amene anasoka yekha mipando ya galimotoyo, anaigulitsa ngati zinyalala! Anatembenuka n'kupita ku tenti ya akuluakulu.

Dunuwila anali pampando wa nsungwi, atavala jekete yoyera, akumwa madzi a kokonati. Kumbuyo kwake kunali Austin yofiira ija, ledieta ya mkuwa itaikidwa pampando wakumbuyo. Atawaona, sanaphethire n'komwe.

"Aa, a Piyasena! Mwafika ndithu. Kalata ija inakupezani?"

"Akufa salandira makalata, bwana."

"Ndi nthabwala chabe imene ija, mkulu uja samva bwino." Dunuwila anaseka, n'kuyang'ana anzake kuti aseke nawo. Ena anasekadi. "Musakwiye. Inu galimoto yanu yadikira zaka khumi ndi chimodzi, singadikire chimodzi china? Ine mwana wanga Ruwanthi ndinamulonjeza kuti adzapita ku ukwati wake pa galimoto iyi. Yangotsala kabureta basi, ndipo ikubwera lero lomwe kuchokera ku Galle. Mukadekha, ndikupatsani ntchito yomangirira zonsezi."

Mawu omalizawo ndiwo anamaliza zonse. A Piyasena anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu wavomera, n'kuchoka. Kabureta ya ku Galle, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya kuti injini ilire, inali imodzi yokha, ndipo aliyense ankadziwa mwini wake: mayi Zulaiha, amasiye amene anapitiriza malonda a amuna awo. Malo awo pabwalopo anali akadali opanda kanthu.

Anatuluka pachipata n'kukakhala pamwala m'mbali mwa msewu, thumba lili pamiyendo. Anakhala pamenepo maola awiri, dzuwa likuwotcha padazi. Wogulitsa tiyi anawaitana kawiri, iwo osacheuka. M'mutu mwawo ankangoona chipewa chija chikuvulidwa.

Lole ya mayi Zulaiha inafika masana, iwo ali kutsogolo nkhope ili gwa. A Piyasena anaimirira pakati pa njira.

"Chokanipo bambo inu, ndachedwa kale!" anakuwa mayiwo. "Munthu mmodzi kusuntha msika wonse chifukwa cha ukwati wa kwake! Loweruka ine ndimatsegula sitolo, lole ndachita kupempha. Kodi ndi mfumu ameneyu?"

"Mayi, kabureta ya Austin ija muli nayo?"

"Ndili nayo. A Dunuwila anaimba foni kuti ndiwasungire."

"Munalonjeza?"

"Ndinati woyamba kufika ndi chinthu chooneka."

A Piyasena anamasula thumba. Nyali zija zinawala padzuwa, magalasi ake opanda mng'alu, mkuwa wopukutidwa Lamulungu lililonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Mayi Zulaiha anatsika m'lole. Anazitembenuza uku ndi uku, n'kuwayang'ana a Piyasena mokayika.

"Zonse ziwiri? Kabureta imodzi? Inu yanu muli nayo kale, ndinakugulitsani ndine."

"Zonse ziwiri. Mundibwerekenso nyundo."

Analowanso pabwalo, kabureta dzanja ili, nyundo dzanja ilo. Anthu oyandikira chipata anayamba kuwatsatira. Pofika pa tenti, gulu linali litakula. Dunuwila ataona chimene chinali m'manja mwawo, anaimirira, kumwetulira kuli pankhope.

"Mwachita bwino kundilandirira, a Piyasena."

"Ndi yanga iyi, bwana. Ndasinthanitsa." Anatembenukira gulu, n'kukweza mawu amene kale ankamveka pakati pa phokoso la sitima. "Abale anga, ine ndi malemu Piyasena. Ndinamwalira mu Novembala, funsani wapampando wathuyu. Amene munabwera pamaliro anga, zikomo. Mpunga unakwana?"

Anthu anaseka, koma ena anayamba kunong'onezana. A Sellathurai anali atafika kutsogolo, akufotokozera aliyense wofuna kumva.

Dunuwila anatsitsa mawu. "Chabwino, mwapambana. Tisinthane. Tengani ledieta, mundipatse kabureta."

Apa a Piyasena anaima kaye. Ledieta inali pomwepo, mapazi asanu kuchokera pamene anaima, chinthu chimene anachilota zaka zonsezi. Koma anaona msanga chimene Dunuwila ankawerengera: akangolandira kabureta, galimoto yofiira idzayendabe pa ledieta yake yakale, ngakhale inali yodontha, kamtunda kochepa kopita ku ukwati, ndipo mwini wake adzakhala kutsogolo akugwedezera anthu dzanja, nkhani yonse itasanduka nthabwala ya pa phwando.

"Isungeni," anatero. "Muziiyang'ana."

Anaika kabureta pa njerwa ya simenti imene inatsamiritsa chingwe cha tenti. Nyundo yoyamba inaphwanya kabakuli ka petulo. Yachiwiri inapinda khosi. Anamenya kachitatu, kachinayi, mpaka anasiya kuwerenga, tizidutswa tikuthethekera pa nsapato zoyera za Dunuwila. Penapake injini imene inkalira inazimitsidwa.

"Mwapenga!" Dunuwila anakuwa, mawu atasasa. "Pachilumba chonse chino palibenso ina!"

"Ndikudziwa, bwana. Ndakhala ndikufufuza zitsulo zimenezi inu musanadziwe kumene kumakhala injini."

Anabweza nyundo kwa mayi Zulaiha. Chala chachikulu cha a Piyasena chinali kuchucha magazi, koma sanamve kupweteka kulikonse. Anamva kupepuka, ngati munthu amene watula thumba la simenti.

A Sellathurai anagwada n'kuyamba kutola tizidutswa tija, kuika m'mpango wawo.

"Munthu uja ndi galu, ndipo sadzagulanso ngakhale bawuti kwa ine," anatero mkuluyo osadzutsa mutu. "Koma chitsulo ichi chinakulakwira chiyani, Piyasena? Chapulumuka zaka makumi asanu ndi anayi, nkhondo, dzimbiri, n'kudzafera m'manja mwa makaniko."

A Piyasena anatola thumba lawo. Anapita kwawo lili lopanda kanthu. Leela anawamanga chala akumvetsera nkhani yonse, ndipo atafika pa mawu akuti iye anagulitsa galimoto, anamanga mfundo mwamphamvu mpaka amuna ake anafuula.

"Mukanamenya chipewacho chili pamutu," anatero mayiyo.

Lamulungu la ukwati, a Piyasena anavala malaya oyera ositidwa bwino n'kukaima pamphambano imene mdipiti unayenera kudutsa. Sanadikire nthawi yaitali. Kutsogolo kunali galimoto yoyera yahayala, yofanana ndi zina zonse za mumzinda, maluwa atamatidwa ndi tepi. Dunuwila anali pampando wakutsogolo. Maso awo anakumana, ndipo a Piyasena anakweza dzanja lomangidwa bandeji lija, n'kugwedeza mwaulemu wonse. Dunuwila anayang'ana kumbali, nsagwada zili gwa.

Koma kumbuyo, Ruwanthi anawaona. Ankawadziwa kuyambira ali kamtsikana, pamene ankabwera kumsika ndi bambo ake n'kumangoliza mahutala a anthu. Anatsitsa galasi, n'kugwedeza dzanja ndi chimwemwe chenicheni.

"Amalume! Mubwere kudzadya!"

Galimoto inadutsa. A Piyasena anatsala dzanja lili m'mwamba, osadziwa kuti alitsitse bwanji. Zinawalasa, ndipo anayenda theka la njira yobwerera kwawo akuyang'ana pansi. Koma pofika pa mlatho anakumbukira nsagwada za Dunuwila, ndipo anapezeka akuimba mluzu. Kunyumba anadya mbale ziwiri za mpunga ndi nsomba, n'kupempha yachitatu.