Bwemba wa Apongozi Anga

Ine sindigona masana. Koma Lachinayi lija ndinali nditatopa nawo a Lufeyo, amuna anga. Chitulukire m'chipatala, masabata awiri athunthu, mankhwala ankamwa bwinobwino koma chakudya ayi. Phala ankati likununkha utsi, mpunga ankati uli ngati mchenga. Munthu anaonda mpaka lamba tinaboola kawiri.

M'mawa wa tsikulo ndinali nditauza a Gomonda, owotcha makala, kuti mawa lake adzagwetse mtengo wa bwemba wa kuseri kwa nyumba. Timasamba take tinanditopetsa kusesa.

Nditangotsamira khoma pakhonde, tulo tinandiba. Ndinaona apongozi anga, a Nangondo, amene tinawaika m'manda zaka khumi ndi zinayi zapitazo. Anakhala pansi pa mtengo uja atatambalala, akuswa makoko a bwemba ndi chala chachikulu. Kunali zii, ngakhale nkhuku osalira. Fungo lowawasa linandidzaza malovu m'kamwa.

Moni sanandipatse.

"Mwana wanga akutha, inu mukunoletsa nkhwangwa?"

"Amayi, ndayesa zonse."

"Simunayese. Viikani bwembayu m'madzi ofunda, musawiritse. Musefe, muthire m'phala la mawere mutaphula kale. Mtengowu muusiye."

Ndinati ndiyankhe, pakamwa osatseguka. Ali moyo zinkatero, atamwaliranso mawu omaliza akhale awo!

Ndinadzuka khosi likuwawa. Ndinapita kwa a Gomonda kukawauza kuti asavutike kubwera. Pobwerera ndinatenga nsungwi n'kugwetsa bwemba wodzaza lichero. Ndinachita zonse monga apongozi ananenera, uku ndikung'ung'udza. Kashuga kokha ndinathira mwa nzeru zanga, kuti nanenso ndikhalepo ndi mawu.

A Lufeyo anayang'ana mbale ija ngati muli chule.

"Ndanena kale, sindikufuna."

"Bambo, idyani. Lero ndakangana kale ndi munthu mmodzi wa kwanu, wachiwiri sindimufuna."

Analawa, n'kukwinya nkhope ndi kuwawasa. Kenaka supuni inayamba kuyenda yokha, mpaka anapala mbale ndi chala.

"Latsala mumphika?"

"Lilipo."

"Onjezani. Koma amayi ankaphika lokoma kuposa ili. Sankathira shuga."

Ndinalanda mbale ija n'kuthamangira kukhitchini kukawapakulira lina, ndisanalankhule mawu oti ndikalape Lamulungu.