Paipi ya Mizere Itatu

Kwathu ku Cipacing aliyense amapanga mfuti zopopa, ngakhale amene satha kukhoma msomali. Ine ntchito yanga ndi yodinda zilembo za ku Jeremani pa mfuti zobadwira kuseri kwa khola la nkhuku. Musandiweruze, ogula ndiwo amazifuna.

Mlamu wanga Engkos, mwamuna wa mlongo wanga Popon, ankalondera munda wa zipatso za duriyani wa a Haji Komar. Chaka chimenecho agologolo anachita kuitanizana. A Haji anamuuza mosapsatira kuti zipatso zikabookanso, iye atuluke m'kanyumba ka m'mundamo ndi ana ake anayi.

Ndinapita naye kwa Abah Sobari, mkulu amene mfuti imodzi amaisula mwezi wathunthu. Abah atatchula mtengo, Engkos anatsamwa.

"Abah, ine ndati mfuti, osati njinga yamoto."

"Zotchipa zili kumsewu, mwana wanga. Zimawala bwino, ukhoza kumadziyang'anirapo pometa ndevu."

Kumsewuko Engkos anakagula yonyezimira, zilembo zake zodinda ine ndemwe. Chikomekome cha mkuyu. Sabata yoyamba anaboola duriyani zisanu, chidebe chimodzi, ndi kuthothola mchira wa tambala wa a Haji. Agologolo ankangomuyang'ana uku akutafuna.

Tinabwerera kwa Abah mitu ili pansi. Mkuluyo anaitembenuza mfutiyo, n'kupala utoto kunsi kwa paipi, ndipo anaseka mpaka ndudu inagwa. Panali mizere itatu ya tupa. Abah paipi ikamukhotera amailemba mizere yosonyeza kukhota kwake, n'kuiponya mumgolo wa zitsulo zotha. Akumsewu amagula mgolowo pasikelo.

"Uyu ndi mwana wanga wolowerera," anatero Abah. "Ndi wokhota, koma sanama. Amaponya zala zitatu kumanzere, lero ndi mawa chimodzimodzi. Iwe uziloza zala zitatu kumanja."

"Nzeru imeneyi ndi zingati, Abah?"

"Khofi, ndipo usandimane shuga."

Engkos anayeserera mpaka tsaya linachita chikanga. Mwezi usanathe agologolo anasamukira kwa aneba, duriyani zikulendewera zosaboola, ndipo a Haji anayamba kumutcha "mphwanga".

Apa ndi pomwe ndinalowererapo ine, munthu wa pakamwa poyabwa. Tikutuluka mumzikiti Lachisanu ndinawaponyera mawu.

"A Haji, munthu woti munapita ku Maka, mlonda wanu n'kumayenda ndi chitsulo cha mumgolo? Anthu akuseka."

Palibe ankaseka. Ndinkangofuna mlamu wanga agwireko mfuti yeniyeni kamodzi m'moyo wake, ndipo ndinadziona wochenjera. A Haji anakaitanitsa kwa Abah yodula koposa, chogwirira chake chosemedwa nyalugwe. Abah anafunsa ngati mwini dzanja wavomera.

"Wantchito savomera, amalandira," anayankha a Haji.

Mfutiyo inafika tsiku limene alendo a ku Bandung ankabwera kudzadya duriyani. Yakale ija a Haji anaipereka m'mawa womwewo kwa wogula zitsulo, kuti alendo asaione. Alendowo atakhala pamphasa, gologolo mmodzi wotsala anatulukira panthambi.

"Mphwanga, aonetse alendo."

Engkos anakweza mfuti. Ine ndinaona dzanja lake likudzisunthira lokha zala zitatu kumanja. Mfuti ya Abah imapita komwe wailoza. Phu! Duriyani. Anapopanso, analuma mlomo, anayesa kulimbana ndi dzanja lake lomwe. Phu! Duriyani ina. Ulendo wachitatu analasa chipatso chachikulu chimene a Haji anachimangirira ndi chingwe kuti chisagwe alendo asanachione. Gologolo sanasunthe n'komwe.

Alendo anaseka mpaka kugwirana mapewa. A Haji sanaseke. Madzulo anapita nayo mfutiyo kwa Abah, ine ndikutsatira kumbuyo ngati galu wakuba mazira. Abah anaimika kabokosi ka machesi patali, n'kukagwetsa katatu kotsatizana.

"Mfuti ndinawongola, a Haji. Munthuyo mumupatse mwezi, awongoke yekha."

"Agologolo andipatsa mweziwo?"

Tsopano Engkos, Popon ndi ana anayi amagona pabalaza panga. Popon akamandipatsa mpunga amakankha mbale osandiyang'ana, ndipo sindimuimba mlandu. Manyazi andigwira, sindibisa.

M'mawa uliwonse amapita kumgolo wa Abah, kukatembenuza mapaipi imodziimodzi. Akuti akapeza yofanana ndi yakale ija akapempha ntchito kwa aneba, komwe kunathawira agologolo kuja. Dzulo ndinamuperekeza. Anatola ina, anaipukuta ndi malaya, n'kuwerenga mizere ndi chikhadabo.

"Tenga imeneyo ulere," anatero Abah. "Ndi ya iwiri, yabwinoko."

Engkos anaibwezera mumgolo pang'onopang'ono.

"Ya itatu, Abah. Diso langa ndi la itatu."