Dzina Losayimbika

Ine Veronika ndakhala ndikuyambitsa nyimbo za Chipani cha Nkhafi kuno ku Bangula zaka khumi ndi zinayi, ndipo palibe tsiku limene ndinachititsapo manyazi mtsogoleri, kupatula Loweruka limodzi. Koma za Lowerukalo muyambe mwamva kaye musanandiweruze.

Chipanichi anachiyambitsa ndi malemu a Chalera. Masiku awo amayi ovina tinkapitirira makumi asanu, fumbi lake mpaka a tsidya la Chiromo ankafunsa ngati kwathu kwapsa. Mkuluyo atamwalira anasiya ana aamuna awiri, a Limbani ndi a Humphrey, koma mpando umodzi. Chiyambire pamenepo chipani chathu chimapezeka ku khoti kuposa kumidzi. Lolemba pulezidenti ndi a Limbani, Lachitatu woweruza wati ayi ndi a Humphrey, Lachisanu woweruza wina waimitsa zonse. Pa chisankho chapitacho tinapeza phungu mmodzi yekha dziko lonse, nayenso anangolumbira n'kuwolokera ku boma. Chaka chino ngakhale a wailesi akamatchula zipani zopikisana, chathu amachinena mpweya utawathera kale.

Amayi tinatsala khumi ndi mmodzi.

Ndinene zoona, za amene adzalamulire dziko sizindisowetsa tulo. Ine ndimagulitsa milamba yowamba, ndipo boma lililonse ntchentche zake n'zomwezo. Chimene ndinkaopa n'kutha kwa Lachinayi. Lachinayi lililonse masana tinkakumana pansi pa mtengo wa nimu kuseri kwa msika, kuyeserera nyimbo. Chimwalirire amuna anga a Bauleni ndimakhala ndekha. Mwana wina akudula nzimbe ku Nchalo, wina ali ku Joni kumene foni yake imalira m'nyengo ya Khirisimasi yokha. Masiku ena onsewa ndikayankhula m'nyumba palibe woyankha, koma Lachinayi ndikakweza mawu anthu khumi ankavomera.

Ndiye tsiku lina Otilia, mnzanga wa pamtima amene amatsogolera ovomera nyimbo, anandilasa poyera.

"Shamwali, tisanamizane," anatero akutambasula nsalu yake ya chipani. "Taonani. Yasuluka mpaka nkhope ya a Chalera yangotsala magalasi. Anzathu a chipani cholamula alandira nsalu kawiri chaka chomwe chino. Amayiwa atopa."

"Ndiye mukulonga ninji? Mukuti tichite chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti Loweruka la sabata ya mawa kukubwera pulezidenti. Akationa ngati anthu, tikhala. Akapanda kutero, tikuwoloka tonse."

"Pulezidenti wake uti?"

Palibe anadziwa. Ndinapita kukafunsa a Fanizo, wapampando wa chipani kudera lino, amene amakonza njinga pafupi ndi siteji. A Fanizo ndi munthu wabwino, kungoti amatuluka thukuta ngakhale mu Juni, ndipo chiyambire milanduyi amayang'ana kaye foni asanakuyankhe moni.

"Pakali pano, malinga ndi khoti, ndi a Humphrey," anatero. "Ndiye mayi, nyimbo zanu zija za 'Limbani, Limbani' ndisazimve. Mawu amenewo aletsedwa."

"Nanga tikangoti a Chalera?"

"Chalera wake uti? Onse ndi a Chalera. Abwana akufuna dzina lawo lenileni limveke."

Apa ndiye panagona vuto. Dzina loti Limbani limadziyimba lokha, ungoliponya pa ng'oma n'kumapita. Koma Humphrey! Makolo ena akamatcha ana saganizirako oyimba.

Lachinayi ndinawafoletsa amayi pansi pa nimu. "Tamverani bwino. Ha-mu-fu-re. Tiyeni."

"A Mfule!" anavomera onse mokoma, mawu amodzi.

Kenako Magret, woyimba ng'oma wathu, anagwa chagada ndi chiseko. Kuno ndi kwa ng'ombe, ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti mfule ndi nkhunzi imene anaifula, yongokoka ngolo basi, za ukwati inaiwala kalekale.

"Musaseke!" ndinakalipa, nanenso misozi ili mbwembwembwe. "Yambani ndi haa, ngati mwapsa ndi tiyi. Haa! Haa-mu-fu-re!"

Tinapsa ndi tiyi masana onse. Pofika madzulo ankalitchula ndithu, bola pang'onopang'ono. Ndinamuchonderera Magret kuti tsikulo asathamangitse ng'oma, iye analumbira kutchula malemu amayi ake.

Loweruka linafika ndi dzuwa la mu Okutobala, lija limakuotcha ngakhale uli pamthunzi. Pa bwalo la sukulu anaika mipando makumi asanu. Pamipandopo panakhala a Fanizo, alamu awo, ndi azibambo atatu amene ndikukhulupirira ankangofuna pokhala. Mbuzi zinagona pansi pa tebulo la alendo, ndipo palibe anazithamangitsa poti zinkaonjezera chiwerengero.

Cha m'ma teni foni ya a Fanizo inalira. Anathamangira kwa ine. "Mayi, a Limbani akatenga chiletso ku khoti! Bwererani ku nyimbo zakale!" Amayi analulutira. Dzuwa lili paliwombo foni inaliranso. "Chiletso chija achichotsa! Humphrey, mayi, Humphrey!" Otilia anandiyang'ana ndi diso lija limati tikuona.

Cha m'ma thuu kunatulukira galimoto imodzi ya magalasi akuda. Ndinaima kutsogolo, maina onse awiri ali m'kamwa, kudikira kuti chitseko chindiuze loti ndilavule. Munatuluka bambo wamfupi, wovala suti ndi tayi pa dzuwa limenelija, atanyamula kankhafi kopaka vanishi kamene sikanalawepo madzi. Anali a Humphrey, amene anakulira kunja kwa dziko, Chichewa chawo n'chotola atakula kale. Anayang'ana mipando, anayang'ana mbuzi, nkhope n'kugwa.

Ndinakweza mawu, dzina lonse bwinobwino: "A Humphrey afika, tiwoloke!"

Amayi anavomera mosamala, haa wawo ali pamalo pake. Kachiwiri chimodzimodzi. Mtima unayamba kukhala pansi. Koma Magret ng'oma ikamukomera amaiwala ngakhale malemu amayi ake. Anaithamangitsa. Haa uja anagwera m'fumbi, ndipo chimene chinamveka mpaka kumsewu chinali ichi:

"A Mfule afika, tiwoloke! A Mfule afika, tiwoloke!"

Tsoka ilo, linali tsiku la msika wa ng'ombe. Azibambo amene ankapirikitsa ng'ombe zawo pamsewu anaima, kutchera khutu, n'kusiya ng'ombe zikudziyendera. Akabaza anakhota ndi makasitomala awo omwe. Amayi a tomato anasiya tomato. Mphindi zochepa bwalo linadzaza ngati masiku a malemu a Chalera, aliyense akuyimba, ena akugwirana mapewa kuti asagwe. Ine ndinkakuwa "Haa! Haa!" koma anthu ankayesa ndikusangalala.

A Humphrey nkhope inawala. Anavula jekete n'kulowa m'bwalo, kankhafi m'mwamba, kuvina kwake kosadziwika mtundu. Atatopa anakokera a Fanizo pambali, ine ndili pomwepo.

"A chairman, mfule ndiye kuti chiyani?"

A Fanizo anayang'ana foni, koma foni sinawathandize. "Ndi ng'ombe, bwana. Yamphamvu. Yokoka ngolo. Yosavuta."

Bodza panalibe. A Humphrey anakwera patebulo, mbuzi n'kubalalika, natenga chokuzira mawu.

"Anthu a ku Nsanje! Lero mwandipatsa dzina, ndipo ndalilandira ndi manja awiri. Inde, ine ndine mfule! Achimwene anga aja akunama, iwo si mfule. Mfule m'banja mwathu ndine ndekha!"

Bambo wina anagwa panjinga. Mafoni onse anali m'mwamba, kujambula.

Ine chiseko sichinabwere. Ndinawamvera chisoni, chifukwa zinkaonekeratu kuti munthuyu chibadwire sanayimbiridwepo ndi khamu. Pochoka anandigwira dzanja ndi manja onse awiri. "Mayi, inu ndi chuma cha chipani. Nsalu zatsopano zifika sabata ino, aliyense ziwiriziwiri." Otilia anandikumbatira thukuta lili chuchuchu. "Pyadidi, shamwali, zakoma. Tikhala." Ndinapita kunyumba ndikuyenda ngati mtsikana.

Chimwemwecho chinakhala masiku awiri. Lachiwiri m'mawa a Fanizo anabwera pa benchi yanga ya nsomba atanyamula makalata awiri, osandiyang'ana kumaso. Kanema uja anali atazungulira dziko lonse, ndipo wina wachifundo anali atawamasulira a Humphrey tanthauzo lonse, osasiyako. Kalata yoyamba, yochokera kwa a Humphrey, inati ndachotsedwa m'chipani chifukwa chonyoza pulezidenti. Yachiwiri, yochokera kwa a Limbani, inati ndachotsedwa m'chipani chifukwa choyimbira munthu amene si pulezidenti.

"Zaka ziwiri abale amenewa sanagwirizanepo kanthu," anatero a Fanizo mwaulemu. "Agwirizana pa inu, mayi."

"Nanga nsalu?"

Anangopukuta thukuta.

Lachitatu lole ya chipani cholamula inadutsa pamsika, nyimbo zili pamwamba. Kumbuyo kwake kunali amayi anga onse khumi, atavala nsalu zatsopano zowala. Otilia atandiona anayang'ana kumbali. Ndinalira, ndisaname, pamaso pa kasitomala amene ankangofuna milamba iwiri.

Lachinayi masana ndinauza mtima wanga kuti sindipita kulikonse, koma miyendo inali itanyamuka kale. Ndinakakhala pamuzu wa nimu ndekha, kuthamangitsa ntchentche, kumvera chigayo chikulira patali. Panapita ola lathunthu. Ndikuti ndidzuke, ndinaona Otilia akubwera, nsalu yake yatsopano ikuchita kulira kuuma kwake. Pambuyo pake Magret, ng'oma ili pamutu, ndi amayi ena anayi. Anakhala pansi ngati palibe chachitika.

"Mwasochera?" ndinafunsa. "Kuno kulibe nsalu."

"Kumene kuja nkhabe kuyimba, kulibiretu," anatero Otilia. "Nyimbo anajambuliratu ku Lilongwe, zimangotuluka m'mabokosi pa lole. Ukatsegula pakamwa sudzimva n'komwe. Ife kumeneko ndife miyendo basi."

"Ndiye mwabwerera ku Nkhafi?"

"Aaa, tisapusitsane. Nsalu sitibweza, ndipo Loweruka tizikavina komweko. Koma lero ndi Lachinayi. Yambitsani."

"Ndiyambitse ya ndani? Chipani ndilibe. Mapulezidenti ndinali nawo awiri, onse andichotsa."

Magret anali atayamba kale kugogoda ng'oma chapansipansi. "Ikani dzina lililonse, mayi, bola loyimbika."

Ndinawayang'ana onse asanu ndi mmodzi. Mkwiyo unali usanathe. Komabe ndinaimirira, n'kumanga bwino nsalu yanga yosuluka ija, n'kuloza mnzangayo ndi chala.

"Otilia wafika, tiwoloke!"

Amayi anayang'anana, Otilia n'kukweza dzanja monga amachitira, ndipo anavomera onse pamodzi:

"Veronika wafika, tiwoloke!"

Ndinayesa kuwakonza, ndinabwereza la Otilia mokweza. Iwo anabwezanso langa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikukweza maina a anthu osandidziwa, koma langa ndinali ndisanalimvepo m'nyimbo. Linakwana pa ng'oma bwinobwino, ndipo Magret ataithamangitsa silinagwe chilembo ngakhale chimodzi.