Wolemba Makadi Asowa Mpando

Tupochile anayendetsa chala pa bolodi la maina kachitatu, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Bolodilo linali pakhomo la holo ku Salford, ku Mangalande, ndipo aliyense woitanidwa ku ukwati wa Daphne ankapezapo dzina lake ndi nambala ya tebulo. Zilembo zake zinali zagolide, zopendekera, za michira yaitali ngati zolemba munthu, koma zinali za pa kompyuta. Dzina lake panalibe.

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, makadi a maukwati a Amalawi a kuno ankalemba ndi iyeyo. Ntchito yosamalira okalamba ku Bolton inkamudyera Lamlungu lililonse, moti kutchalitchi anali atamuiwala nkhope. Koma ukwati ukayandikira, azimayi ankabwera kwawo ndi mndandanda wa maina. Ankakhala tsiku lonse akumwa tiyi, akumuuza amene wabereka ndi amene banja lamuvuta, iye akulemba "Bambo ndi Mayi" ndi cholembera chake cha inki. Alendo ake pa chaka anali amenewo basi. Wolemba makadi sadzilembera khadi, ndiye pa mndandanda uliwonse sankakhalapo. Ankangopita ngati wapabanja.

Chaka chino sanagogode munthu. Daphne, wobadwira konkuno, anasankha zilembo pa intaneti, n'kutenga mndandanda wa ukwati wa mkulu wake, makadi n'kusindikizidwa tsiku limodzi. Tupochile anamva za tsikulo pa gulu la pa foni. Anachonderera mnzake kuti amugwirireko ntchito, n'kukwera mabasi awiri.

Mzungu woyang'anira holoyo anamuuza mwaulemu kuti mipando ndi yowerengeratu. Posakhalitsa anatulukira Alinafe, mayi a mkwatibwi, thukuta lili kamukamu. Atamva kuti dzina la Tupochile palibe, anagwira pakamwa.

"Achemwali, inu mungasowe bwanji? Ife timayesa mulipo kale."

"Kompyuta yanuyi ikulemba bwino, koma anthu siiwadziwa," anatero Tupochile, akuyesa kuseka. "Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndiye ndangobwera."

Alinafe anapepesa kawiri katatu. Anati pa tebulo la ana, pafupi ndi khomo la kukhitchini, patsala mpando umodzi. Anamupatsa khadi lopanda dzina ndi bolopeni.

"Lembani nokha. Dzanja lanu limaposa makina."

Wina anaitana Alinafe mkati, ndipo anathamangira komweko.

Tupochile anatsala yekha pakhomopo. Mkati nyimbo zinali zitayamba, azimayi akululutira. Anatsamiritsa khadilo pakhoma n'kulemba dzina lake pang'onopang'ono, osaphonya mchira ndi umodzi womwe. Linakongoladi. Koma ataliyang'ana, mtima unamuwawa kwambiri, chifukwa zaka zonsezi khadi lake loyamba linali ili, lodziitana yekha.

Analiika m'chikwama. Envulopu ya mphatso anaisiya kwa mzungu uja, n'kutuluka. Ali pa siteji ya basi anaimbira mnzake wa kuntchito, namuuza kuti apite akapume, masanawa ntchitoyo aigwira yekha mwiniwake.