Bakuli Lothera Pageti

Pofika naini koloko mayiyo anali atatunga madzi, atachapa matewera, atasambitsa mwana, atabweza mipando yobwereka ya pamaliro a mwamuna wake. Kenaka manja ake, osamufunsa, anatsitsa bakuli pashelefu.

Masiku makumi anayi ndi awiri ankalidzaza bakuli limeneli n'kukalisiya pageti la chipatala. Mliri utavuta, achipatala anakhwimitsa lamulo: wodwala mmodzi, womudikirira mmodzi, wolowa asatulukenso. Ku wodi ya amuna kunalowa mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wakeyo. Mayiyo ankathera kwa mlonda. Mawa lake bakuli linkabwera lotsukatsuka, iye n'kumati khansa ikhale khansa, bola munthu akudya.

Koma mtembo umene anauona unali mafupa okhaokha.

Mlamuyo anali pakhonde, akulongedza chikwama.

"Alamu, chipatala chinakukondanitu. Masaya awa munalowa nawo?"

"Mwayambatu."

"Ndikufunsa. Bambo a mwanayu ankadya, kapena ndinkanenepetsa inu?"

Mlamu anasiya chikwama chili kukamwa yasa.

"Anasiya kumeza sabata yachiwiri. Chotupa chinatseka kukhosi."

"Ndiye osandiuza? Ine mtunda wonse uja wapansi, mwana kumsana, minibasi zitaletsedwa?"

"Ndinafuna kukuimbirani, anandilanda foni. Akuti, 'Ukamuuza asiya kuphika, nanga ndizimuona bwanji?'"

"Kundiona? Munthu woti ngakhale pawindo sankafika?"

"Bakuli likabwera ankati ndiwakhazike tsonga, ndivundukule. Ankanunkhiza ali chitsinzire. 'Lero wapsereza, mwana amavuta.' Ankalawa ndi nsonga ya lilime. 'Mchere uwu, wayambana ndi eni nyumba ameneyu.' Tsiku lomwe munachulutsa anyezi anaseka mpaka kutsokomola, akuti mwadzukira kumanja."

"Eni nyumba ndinayambana nawodi," anatero chapansipansi.

"Akatero, theka linkapita kwa agogo a bedi loyandikana, omwe analibe wowabweretsera. Theka linalo..." Mlamu anagwira tsaya lake. "Ankandiyang'anira mpaka nditamaliza. Achimwene mukuwadziwa, ukanakana bwanji?"

Mayiyo anakhala pansi pomwepo, bakuli pamiyendo. Mwana anakwawira pafupi n'kuyamba kumenya chivundikiro.

"Nanga tsiku lomaliza anati ndili bwanji?"

"Mphuno zinali zitasiya kumva. Anangolifumbata ndi manja onse awiri, likadali lofunda. Nesi atafuna kulichotsa kuti abaye jakisoni, anapereka mkono umodzi wokha. Anakhala nalo mpaka linazizira."

Sanalire, poti mwana akanalira naye. Anangowonkhetsa mumtima monga amachitira ndi chilichonse: matumba atatu a makala, nkhuku zonse zisanu, masilipasi mapeyala awiri, makina osokera aja anagulitsa sabata yachinayi. Ndiponso masiku makumi anayi ndi awiri ali chilili pageti, akuwerenga mawindo, osadziwa kuti la mwamuna wake ndi liti.