Nambala ya Pachitsime cha Ababa

Botolo lidafika pa benchi ya Kadontho Lolemba m'mawa, patangopita masiku anayi chiikireni m'manda mwana wa achemwali ake. Adalibweretsa yekha m'chikwama chake, atalikulunga ndi nyuzipepala ngati chinthu chakuba. Pa kapepala komata sadalembepo mwini chitsime. Adangolemba nambala monga amachitira ndi mabotolo onse obwera mu labu yoyeza madzi, poganiza kuti nambala ilibe chibale.

Dzina loti Kadontho adamupatsa ndi anzake apantchito. Munthu akalemba 0.5 pomwe pamayenera kukhala 0.05, iye ankamulondola mpaka kukantini, n'kumuimitsa supuni ili pakamwa. Sankadandaula nalo dzinalo. Kwawo lidafika lokha, ndipo bambo ake, omwe adagwira ntchito mu labu yomweyo zaka 31 asanapume, ankalitchula monyadira ngati ndi digiri yachiwiri.

Mwanayo adakhala ndi moyo milungu isanu ndi inayi. Achemwali mkaka wa m'mawere udawauma msanga, choncho ankamumwetsa wa m'chitini, wosungunula ndi madzi a pachitsime cha kuseri kwa nyumba ya bambo awo. Tsiku lina milomo ndi tizala ta mwana zidayamba kubiriwira, kupuma kukuvuta. Kuchipatala adamutenga magazi, ndipo adatuluka oderako ngati tiyi wopanda mkaka. Madzulo a tsiku lomwelo mwana adatsikira kuli chete. Dokotala adakokera Kadontho pambali n'kumufunsa funso limodzi: mkakawo mumasungunulira madzi ochokera kuti? Kenako adati, popeza ndinu a zamadzi, kayezeni naitireti, mchere uja wochokera ku feteleza, m'makola ndi m'zimbudzi, umene umalepheretsa magazi a khanda kunyamula mpweya.

Kadontho adasefa madzi, adathira mankhwala m'kachubu, adadikira kuti mtundu usinthe, n'kulowetsa kachubuko m'makina. Makina adalira pang'ono n'kulavula kapepala: 31, mamiligalamu pa lita.

Malire amene aliyense wa ntchitoyi amawadziwa pamtima ndi 50. Munthu wothamanga akanaona 31 n'kupuma. Koma naitireti amayezedwa m'njira ziwiri, ngati mtedza: ukhoza kuuyeza ndi makoko ake, ukhozanso kuuyeza wosenda. Njira yakale, imene labu idagwiritsa ntchito zaka zambiri, inkapereka kulemera kwa naitireti yense, ndipo malire a 50 ndi a njira imeneyo. Makina atsopanowa amapereka kulemera kwa naitirojeni yekha wa mkati mwake, ndipo amaika N wamng'ono kumapeto kwa mzere kuti munthu adziwe. Kuti nambala ya makina ilankhule chilankhulo cha 50, uyenera kuichulukitsa ndi 4.43.

Adachulukitsa. 137.

Adabwerezanso ndi kachubu kena, kenako kachitatu, ngati munthu wogogoda pakhomo pomwe akudziwa kale kuti eni ake adasamuka. Kenaka adatsitsa buku lalikulu la zoyezedwa n'kubwerera m'mbuyo miyezi itatu. Adapeza tsambalo mosavuta, chifukwa zilembo za bambo ake zimaima njo ngati asilikali. Sabata imeneyo iye adali kumaphunziro, ndipo bambo ake, atamva kuti mdzukulu woyamba adzafikira kunyumba kwawo, adavala taye n'kubwera ndi botolo lawo kudzayeza okha. Kapepala ka makina kadali kadakali komata patsambapo. Kadati 29, ndi N wake kumapeto. M'munsi mwake bambo adalemba kuti: Sanafike 50. Ndi abwino.

Mawu omwewo adawalembanso pa pepala lina n'kulikhomera ndi msomali kukhitchini, pamwamba pa ndowa. Kadontho ankaliona pepalalo m'mawa uliwonse akamatunga madzi a tiyi. Munthu amene ankalondola anthu mpaka kukantini sadafunsepo n'kamodzi komwe kuti 29 ameneyu ndi wa chiyani. Zolemba za bambo ako suzichonga.

Mkulu wa labu, mayi wonenepa wokonda kuyenda ndi makiyi m'khosi, adamupeza ataima chomwecho. Adayang'ana tsamba, adayang'ana kapepala katsopano, ndipo adakhala pa mpando wa benchi mwapang'onopang'ono.

"Mayo ine," adatero. "Bambo ako ndinawasiya okha tsiku lija."

"Simunawauze za makinawa?"

"Iwe, munthu anandiphunzitsa kutsuka botolo ndili kamtsikana kosadziwa ndi kumanga gauni komwe. Ndikanaima kumbuyo kwawo n'kumati madala, apa chulukitsani? Anabwera atatchena, aliyense akuwapatsa moni, iwo akutinyoza kuti ana inu mumadalira mabatani. Tinaseka tonse." Adapukuta m'maso ndi chikhatho. "Ali bwanji?"

"Sakudya bwino. Amangokhala panja."

"Mtima wawo uja?"

"Mankhwala akumwa."

Mkuluyo adatseka bukulo n'kuikapo dzanja. "Tamvera, mwana wanga. Chitsime chitsekedwe lero, pamenepo palibe zokambirana. Kwa dokotala ulembe 137, ndi zoona. Koma kunyumba ukanene kuti madzi anasintha. Chitsime si mwala, chimasintha. Pafupi pali khola?"

"La nkhumba, la aneba. Ndi dimba."

"Basitu. Mvula inakokolola. Inamizire mvula, ilibe mdzukulu."

Kadontho adatuluka masana, lipoti lili m'chikwama pomwe padali botolo. M'basi adayeseza bodza lake ngati ndakatulo ya kusukulu. Lidali bodza labwino, lokhala ndi miyendo, loti ngakhale iye mwini akadalikhulupirira likadachokera kwa wina. Pamsika adatsika n'kugula loko.

Adawapeza bambo ake pakhonde la kuseri, pa mpando wawo wa nsungwi, moyang'anizana ndi chitsime. Chitsimecho adachikumbitsa okha chaka chimene adapuma ntchito, adachimangira khoma la njerwa ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo ankachikolopa kuposa pabalaza. Pa tebulo pambali pawo padali nyuzipepala yotsegulidwa pa tsamba la masewera a manambala, mabokosi onse ali opanda kanthu. Zenera la chipinda cha achemwali lidali lotseka, katani yake yosasuntha.

"Wabwera msanga, Kadontho. Akuthamangitsa?"

"Ayi, ababa. Ndapempha."

"Adotolo aja anakutuma. Wayeza?"

"Ndayeza."

"Khala pansi, usandiimire ngati wodzalanda katundu. Zatuluka bwanji?"

Adakhala pa sitepe. "Naitireti wakwera kwambiri, ababa. Tiyenera kuchitseka. Madzi asintha. Mwina mvula ija inakokolola za kukhola n'kulowa pansi."

"Wakwera kufika pati?"

"137."

Bambowo adaimba mluzu wapansipansi. Kwa kanthawi nkhope yawo idaoneka ngati yapepukidwa, ndipo Kadontho adaona kuti bodza lagwira. Chisoni chidalipo, koma chidali chisoni cha munthu amene mphenzi yagwera panyumba pake. Akadaimirira nthawi yomweyo n'kupita kukatseka chitsime, mwina nkhani ikadathera pomwepo.

Koma bambo ake adali munthu woti nambala ikadutsa pafupi amaigwira mwendo. Adatenga pensulo pa tebulo n'kuyamba kuizunguza m'zala.

"Kuchoka pa 29 kufika pa 137," adatero. "Miyezi itatu."

"Zimachitika."

"Zimachitika, inde. Koma mvula yake iti? Yagwa kawiri kokha, ndiponso yongonyowetsa fumbi. Nkhumbazo zilipo zinayi, sizinasanduke fakitale." Adalemba kenakake m'mphepete mwa nyuzipepala. "Ndikagawa 137 ndi 29 ndikupeza zinayi ndi zidutswa. Zinayi ndi... Iwe, nambala imeneyi ndikuidziwa nkhope."

"Ababa, zisiyeni. Ndikuphikireni tiyi."

"Ndi madzi ati?" Sadaseke. "Mwanangu, 137 wayiwerenga pa makina, kapena wayipanga ndi dzanja?"

Kadontho adayang'ana nyerere zimene zinkakoka chiwala chakufa m'mphepete mwa sitepe.

"Ndakufunsa."

"Ndachulukitsa."

"Usanachulukitse, makina anati chiyani?"

Akadatha kunena nambala ina iliyonse. Adali nazo zambiri m'mutu, zonse zomvera. Koma pakamwa pake padali pasanatulukepo nambala yabodza kupita kwa munthu ameneyu, ndipo padakana kuyamba lero.

"31."

"Makina omwe aja? Oyera aja, a pakona?"

"Omwewo."

"Amapereka naitirojeni."

"Eya, ababa."

Bambowo adagwedeza mutu kangapo, pang'onopang'ono, ngati wophunzira wamva bwino funso. Adakokera nyuzipepala pafupi, adalemba 4.43, pansi pake 29, adajambula mzere, n'kuyamba kuchulukitsa ndi dzanja, milomo ikuyenda, akusunga manambala pamwamba monga ankachitira kale. Atamaliza adaika kadontho pamalo pake n'kutembenuzira pepalalo kwa mwana wawo.

"Taona ngati ndalondola."

"128.47. Mwalondola."

"Ndalondola," adabwereza. Adaika pensulo pansi. "Ndiye kuti madzi sanasinthe."

"Ababa, ngakhale ine pepala lija ndimaliona tsiku ndi tsiku. Ndikanafunsa. Amayi aja a kulabu akanakuuzani. Kalembo kake n'kakang'ono, ndi magalasi anuwo..."

"Chinthu ichi ndinkachiphunzitsa ine," adatero. "Aliyense wobwera kumene ndinkamuimika pa bolodi. Naitireti 62, naitirojeni 14, gawa. Ndinkawauza kuti nambala yopanda dzina lake ndi mlendo, usamulowetse m'nyumba usanamufunse kwawo." Adayang'ana ku chitsime. "Ndinamuuzanso mkulu wakoyo kuti aziwiritsa nthawi yaitali. Mphindi khumi ndi zisanu. Ndinkaima pambali ndi wotchi."

Onse awiri ankadziwa kuti kuwiritsa kumapha tizilombo koma naitireti sikumuchotsa. Madzi amauluka, mchere umatsala, ndipo madzi otsalawo amakhala okhathamira kuposa poyamba.

Kuseri kwa mpanda nkhumba idalira, wina akuithira madeya. Bambowo adavula magalasi, adawapukuta ndi malaya, adawavalanso. Ankaoneka aang'ono pampandopo, ngati zovala zawakulira mwadzidzidzi.

"Achemwali tisawauze," adatero Kadontho. "Chonde. Tinene za mvula. Zisintha chiyani? Mwana sadzuka."

"Wamumva zimene amanena m'chipindamo?"

Adali atamva. Kuyambira tsiku la maliro achemwali ankabwereza mawu amodzimodzi kwa aliyense wolowa ndi chakudya: ndi ine, thupi langa ndi limene linamukana, mwina ndinkapungula mkaka molakwika, mwina botolo sindinkatsuka bwino.

"Za mvula ziwamasulanso," adatero Kadontho.

"Lero, inde. Mawa adzafunsa chifukwa chake sanaone kuti madzi asintha, chifukwa chake sanakutume kukayezanso. Adzapeza poti adzigwire. Ndimamudziwa, ndi mwana wanga." Adagwira m'mphepete mwa tebulo n'kuimirira. "Iye anafunsa, Kadontho. Tsiku lomwe anafika, mwana ali kumanja, anati ababa, madziwa ndi abwino? Ndinamulozera pepala. Anachita zonse zimene mayi ayenera kuchita. Zimenezo ayenera kuzimva kwa amene anasaina."

"Sadzakukhululukirani."

"Mwina."

"Nanga mtima wanuwo?"

"Wagula loko? Ndamva kulira m'chikwamamo. Pita katseke."

Bambowo adang'amba kachidutswa ka nyuzipepala komwe adachulukitsirapo, adakapinda kawiri, n'kulowa m'nyumba. Kadontho adamva mapazi awo akudutsa kukhitchini, akuima pang'ono, kenako phokoso la pepala likuchoka pa msomali.

Adapita pachitsime. Chivundikiro chidali chotentha ndi dzuwa. Adalowetsa loko m'mabowo ake, koma sadaikanikize. Adaima ataigwira, khutu lili ku zenera lotseka lija. Adamva kugogoda kofatsa, katatu.

"Amake..." Mawu a bambo ake adathera panjira, chifukwa dzina lotsatira lidali la munthu amene kulibe. Adatsokomola. "Mwana wanga, ndilowe?"

Chitseko chidalira. Kenako adangomva kung'ung'udza kwa mawu a bambo, osakwera, osatsika, monga ankawerengera lipoti pamsonkhano. Adalankhula nthawi yaitali. Atasiya, m'nyumba mudati zii, moti Kadontho ankamva madzi akudontha kuchokera ku chingwe kugwera pansi pa chitsime.

"Mwati bwanji, ababa?" Mawu a achemwali adali osasa, a munthu amene sadalankhule mokweza masiku anayi. "Sindinamve. Mwati bwanji?"

Bambowo adayambiranso pachiyambi. Kadontho adakanikiza loko.