Kulira kwa m'Nyali ya Tokiko

Zaka makumi atatu ndakhala ndikugulitsa mawaya, mabatire ndi timamota m'kashopu kanga kumsika wa zamagetsi ku Nipponbashi, ndipo pa zamagetsi palibe amandiuza zochita. Ndiye alamu anga a Shozo atatulukira ndi nyali m'katoni, ndinayamba kuwakalipira asanakhale n'komwe pansi.

Mkulu wanga Tokiko, mkazi wawo, anatisiya mu Febuluwale. Obon imene inkabwerayo, mwambo wa mu Ogasiti wolandira mizimu ya malemu, inali yoyamba kuti mzimu wake ubwere kudzacheza kunyumba, ndipo alamu anakana kugula m'sitolo nyali yomuunikira njira. Anapanga okha yapepala, yozungulira, n'kujambulapo nsomba zofiira zimene Tokiko ankaweta. Koma kamota kamene anaikamo kuti izizungulira, abale! Atalumikiza batire, nsomba zija zinathamanga mpaka kusanduka mzera umodzi wofiira. Ndinawafunsa ngati akufuna mkulu wanga afike n'kugwa ndi chizungulire.

Sanaseke. Mwina sanamve n'komwe, poti makutu awo anatha ndi makina a kufakitale. Anangoti akufuna izizungulira pang'onopang'ono, Tokiko aone nsomba zake imodziimodzi.

Ndinatulutsa tizipangizo tiwiri tochepetsa liwiro. Kachikale kamangodya magetsi otsalawo n'kumatentha, ndipo ukapotokola kwambiri kabatani kake mota imafooka n'kuima. Katsopano kamayatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira zedi, sikatentha, ndipo mota imayenda mwachifatse koma ili ndi mphamvu. Alamu anatola kachikale, ati ndi kamene akukadziwa. Ndinawalanda. Chinthu chotentha m'kati mwa pepala, mwezi wa Ogasiti, m'nyumba yamatabwa? Ndinalumikiza katsopanoko, nsomba n'kuyamba kusambira bwinobwino. Panja magalimoto ali pokopoko, m'shopu wailesi ndi fani, ine sindinamve chachilendo chilichonse.

Tsiku la mwambo tinasonkhana masana, n'kutseka mawindo kuti nyali ioneke. Wansembe wa kukachisi anatha pemphero loyamba, anagogoda belu, ndipo belu litaleka kulira m'nyumba munangoti zii. Ndi pomwe tinamva. Kamawu koonda, kosadukiza, iiiii, kuchokera paguwa la m'nyumba pamene panali nyaliyo ndi chithunzi cha Tokiko.

Thupi lonse linandichita tsemwe. Harumi, mwana wamkazi wa Tokiko, anandigwira mkono mpaka zikhadabo kundilowa.

"Amayi aang'ono, mukumva? Ndi amayi. Ankabuula choncho masiku omaliza aja."

Azakhali ake a Harumi anagwetsa nkhope pamphasa n'kuyamba kupepesa malemu. Wansembe naye dzanja linauma lili m'mwamba, tsamba la buku osalitembenuza.

Ine nzeru zinali zitabwerera. Tizipangizo timeneti ukatsitsa kwambiri liwiro timaimbitsa mota. Ndimadziwa, ndimachenjeza makasitomala tsiku ndi tsiku, koma kwa mkulu wanga weniweni ndinaiwala. Manyazi ake, ndinalakalaka pansi patatseguka.

Alamu okha ndiwo ankangoyang'ana nsomba zawo, nkhope ili phee. Ataona mmene tonse tinaumira, anafunsa chachitika. Harumi anawauzira m'khutu. Anakwawa mpaka paguwa, anagunditsa khutu papepala, kenako anatembenuza khutu linalo. Anakhala choncho nthawi yaitali.

"Nonsenu mukumumva?" anafunsa. "Ine ayi."

Basi ndinaulula. Ndipo poti alamu samva bwino, ndinachita kukuwa, pamaso pa wansembe ndi abale onse, kuti si Tokiko ayi, ndi kachipangizo kanga. Azakhali aja anadzuka n'kukonza malaya, diso lawo lili pa ine. Harumi anandisiya mkono ndipo sanandilankhulenso tsiku limenelo.

M'mawa mwake ndinakwera sitima yoyamba nditatenga kachipangizo kena, kamene kamayatsa ndi kuzimitsa mofulumira kwambiri mwakuti khutu la munthu silimva kanthu. Ndinawapeza alamu atakhala paguwa pomwepo. Ndinatulutsa sikuludilaiva, iwo n'kuika dzanja panyali.

Anandiuza zimene sanauzepo aliyense. Tokiko ali chigonere ankawaitana, mawu atatha kale, iwo ali m'chipinda chinacho osamva. Ankazindikira pokhapokha akapeza kapu itagubuduka, iye atayesa kuifikira yekha.

"Ndikudziwa kuti ndi waya, Fumie, sindine mwana," anatero. "Koma ulibe kena kolira mokhuthala, koti nane ndimve?"

Zaka zonsezi anthu amandibwezera tizipangizo chifukwa cha phokoso, lero munthu akufuna phokosolo! Ndinafuna kuwakalipira monga mwa masiku onse, koma ndinangobweza sikuludilaiva m'chikwama.

Kanaliko. M'dirowa ya pansi ndimaponyamo tobwezedwa, ndipo kena kamang'ung'udza ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Ndinabwerera kushopu, ndinakafukula, dzuwa lisanafike pamutu ndinali nditakalumikiza. Obon inali itatsala ndi tsiku limodzi.

Ndinapotokola pang'onopang'ono. Nsomba zinayamba kuyenda, matabwa a guwa n'kumanjenjemera ndi kung'ung'udza kuja. Alamu anagunditsa khutu papepala. Maso awo anatong'oka, dzanja likufufuza kapu imene timaikira malemu paguwa.

"Ndamva, Tokiko," anatero. "Ukufuna madzi?"